Poizoni Wosaoneka M'madzi Atsopano a Nsomba

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pakati pa anthu amene angoyamba kumene ulimi wa nsomba, makamaka iwo amene amamanga thanki la simenti pakhomo kapena kudula mgolo waukulu kuti aleleremo ana a milamba ndi makumba. Munthu amadzaza thanki lake ndi madzi oyera mbee, naikamo nsomba zochuluka, nayamba kuzidyetsa mokondwa. Sabata yoyamba zonse zimaoneka bwino. Koma pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu nsomba zija zimaleka kudya, zimasonkhana pamwamba kapena pamene madzi akulowera, zikuyasamula pakamwa, ndipo m'mawa uliwonse mwini wake amatolamo zakufa. Madzi amakhala akadali oyera, osanunkha ndi pang'ono pomwe.

Zikatere mtima wa munthu suchedwa kuthamangira kwa mnansi wake. Ena amati wina wanjiru wathiramo tameki usiku, ena amati pali dzanja la munthu. Ndalama za ngongole ya ku banki ya m'mudzi zapita, ndipo chibale nacho chimatha pa mlandu wopanda umboni. Chikhalirecho, nthawi zambiri poizoniyo sanabwere ndi munthu. Anachokera m'matupi mwa nsomba zomwezo.

Ena mwa anthu amene anazunzika kwambiri ndi vutoli ndi aja a ku Ulaya ndi ku America amene amasunga nsomba zokongola za m'nyanja yamchere m'mabokosi a galasi m'nyumba zawo. Bokosi lotere amalitcha akwariyamu. Iwo amasungunula mchere wapadera m'madzi, pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi monga momwe nyanja yamchere iliri, naikamo miyala, nsomba ndi zamoyo zina zotchedwa makorali, zimene zimaoneka ngati maluwa chonsecho ndi tinyama. Zinthu zimenezi ndi zodula kwambiri, kotero eni ake anaphunzira kuyeza madzi tsiku ndi tsiku, ndipo vutoli amalitcha matenda a thanki latsopano. Omvera a ku Mponela, ku Malomo kapena kwa Nthondo angafunse kuti nyanja yamchere ikuwakhudza bwanji, popeza dziko la Malawi lilibe nyanja yotere. Yankho lake ndi lakuti zimene zimachitika m'bokosi lagalasi ku London ndi zomwezo zimene zimachitika m'thanki la simenti m'mapiri a Dowa. Pali kusiyana kumodzi kokha kwakukulu, kwa mchere, ndipo kusiyana kumeneku kuli ndi phindu kwa mlimi wa kuno.

Nkhani yonse imayambira pa chakudya. M'chakudya chilichonse chomanga thupi, monga soya, usipa ndi madeya, muli nayitirojeni, yemweyo amene alimi amamudziwa pa thumba la feteleza wa yureya ndi CAN. Nsomba ikadya, thupi lake limatengako gawo lina, ndipo lotsalalo imalitulutsa m'madzi ngati amoniya. Yambiri imatulukira m'ziwalo zofiira zija za m'mbali mwa mutu zimene nsomba imapumira. Amoniya ndi fungo loboola mphuno lija limene limamveka m'khola la nkhuku losasesa. Chakudya chotsala ndi nsomba yakufa zikamaola pansi pa thanki, nazo zimaonjezera amoniya. Ameneyu ndiye poizoni woyamba.

M'nyanja ya Malawi kapena mumtsinje wa Bua amoniya sachuluka, chifukwa madzi ndi ambiri, ndiponso muli anamalima osaoneka amene amamudya. Amenewa ndi mabakiteriya, tizamoyo tating'ono kwambiri timene timamatirira pa miyala, pamchenga ndi pamatope. Katswiri wa ku Russia, Sergei Winogradsky, ndiye anationetsa poyera m'chaka cha 1890 pamene ankagwira ntchito mumzinda wa Zurich ku Switzerland. Iye anapeza kuti ntchitoyi imagwiridwa ndi magulu awiri osiyana. Gulu loyamba, limene mtundu wake wodziwika ndi Nitrosomonas, limadya amoniya ndi kumusandutsa nayitiraiti. Gulu lachiwiri, la mitundu monga Nitrobacter ndi Nitrospira, limadya nayitiraiti ndi kumusandutsa nayitireti.

Mayina awiriwa amamveka ofanana pa wailesi, kotero ndi bwino kuwasiyanitsa kuyambira pano. Nayitiraiti, wa pakati uja, ndiye poizoni wachiwiri, ndipo m'madzi opanda mchere ndi wakupha. Nayitireti, wotsiriza, ndi wofatsa. Nsomba zimamupirira ngakhale achulukeko, ndipo kwa zomera ndi chakudya.

Tsono thanki latsopano lilibe anamalima amenewa, ndipo iwo sachulukana msanga. Mabakiteriya ena, monga aja amene amasasitsa mkaka, amatha kuwirikiza chiwerengero chawo ola lisanathe, koma awa amafuna pafupifupi tsiku lathunthu kapena kupitirira. Komanso gulu lachiwiri silingayambe kuchulukana kufikira gulu loyamba litalikonzera chakudya. Ndicho chifukwa chake imfa imabwera m'magawo awiri. M'masiku oyamba amoniya amakwera, kenaka amatsika pamene gulu loyamba lakhazikika. Mwini thanki amapumira m'mwamba, kuyesa zatha. Nthawi yomweyo nayitiraiti amakhala akukwera, ndipo amafika pachimake cha m'sabata yachiwiri kapena yachitatu. Ntchito yonse, kufikira magulu awiriwo atakhazikika, imatenga masabata 4 mpaka 6 ngati madzi ali ofunda.

Mawu akuti ofundawo ndi ofunika kwa anthu a Dowa ndi Ntchisi. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene midzi ya m'mapiri a Kongwe, Mvera ndi m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi ili pamwamba kupitirira mamita 1,000. M'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu imakuta mapiri ndi mwera ukuomba, madzi amazizira kwambiri. Mabakiteriyawa amagwira ntchito bwino madzi akakhala pa madigiri 25 mpaka 30. Akatsika kufika pa 15 amachita ulesi, ndipo gulu lachiwiri ndilo limafooka koposa. Choncho thanki limene ku Salima lingakhwime m'mwezi umodzi, ku Ntchisi m'nyengo yachisanu lingafune miyezi iwiri. Munthu wanzeru amayamba thanki lake m'mwezi wa September kapena October, dzuwa likayamba kuswa mtengo.

Nanga nayitiraiti amapha bwanji? Nsomba ya m'madzi opanda mchere imavutika kusunga mchere m'thupi mwake, kotero m'zopumira zake muli tizipata timene timakoka gawo lina la mchere, lotchedwa kolorayidi, kuchokera m'madzi. Nayitiraiti amalowa pa tizipata tomweto, ngati mbala yovala malaya a mwini nyumba. Akafika m'magazi amaononga chinthu chofiira chija chimene chimanyamula mpweya wa okosijeni. Magazi amasanduka akuderako ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo sangathenso kunyamula mpweya. Nsomba imabanika ngakhale madzi ali ndi mpweya wokwanira.

Apa pali njira yozindikirira imene siifuna chipangizo chilichonse. Nsomba zikamayasamula pamwamba mbandakucha, koma dzuwa likakwera nkubwerera pansi, vuto ndi kuchepa kwa mpweya m'madzi usiku. Koma zikamayasamula tsiku lonse, ngakhale masana madzi akuvundulidwa, mlimi agwire imodzi yofooka ndi kutukula chivindikiro cha m'mbali mwa mutu. Zopumira za nsomba yathanzi ndi zofiira piriwiri. Zikakhala zakuda mofiirira, nayitiraiti ndiye woyamba kumuganizira. Umboni weniweni umachokera ku mankhwala oyezera madzi, amene amasintha mtundu akadonthezedwa m'kabotolo ka madzi a m'thankimo, ndipo za mankhwalawa mlimi afunse alangizi a za nsomba a m'boma lake. Madzi abwino sayenera kuonetsa nayitiraiti ndi pang'ono pomwe. Akapitirira miligalamu imodzi pa lita m'madzi opanda mchere, nthawi yochitapo kanthu yakwana.

Tsopano nkhani ya mchere ija. M'nyanja yamchere muli kolorayidi pafupifupi magalamu 19 pa lita iliyonse. Pa tizipata tija pamakhala podzaza, ndipo nayitiraiti sapeza polowera. Motero nsomba za m'akwariyamu yamchere zimapirira nayitiraiti wochuluka kwambiri amene akanatha makumba onse m'thanki la ku Madisi. Eni akwariyamu amamuyezabe, koma kwa iwo ndi chizindikiro chabe chakuti thanki silinakhwime. Chimene amaopa kwenikweni ndi amoniya m'masiku oyamba, ndi nayitireti m'miyezi yotsatira, popeza nayitireti akachuluka ndere zimamera ndi kukuta makorali.

Alimi a milamba a ku Mississippi ku America anagwiritsa ntchito nzeru yomweyi m'maiwe awo akuluakulu. Iwo amathira mchere wamba m'madzi kuti kolorayidi achuluke kakhumi kapena kupitirira poyerekeza ndi nayitiraiti, ndipo ambiri amasunga kolorayidi pa mamiligalamu 100 pa lita. Mu mchere wa pa msika, magawo 6 mwa magawo 10 alionse ndi kolorayidi. Kotero kuti afike pa muyezo umenewu, mwini thanki la malita 1,000 asungunule mchere wokwana magalamu pafupifupi 165 mu ndowa, nauthire pang'onopang'ono kuzungulira thanki. Damu la mamita 20 m'litali, mamita 10 m'lifupi ndi mita imodzi kuzama lili ndi madzi malita 200,000, ndipo lingafune mchere makilogalamu 33. Mchere wotere ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa m'nyanja yamchere, moti lilime silingaumve. Makumba ndi chilunguni savutika nawo. Ndipotu makumba a m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi, amakhala m'madzi a mchere woposa pamenepa.

Koma mchere ndi chishango chabe. Suchotsa nayitiraiti m'madzi, ndipo pa amoniya suthandiza kwenikweni. Umangopatsa nsomba masiku opuma pamene anamalima aja akuchulukana. Mlimi akasintha madzi ayenera kubwezeramo mchere wolingana ndi madzi amene wataya.

Chinthu choyamba kuchita nsomba zikayamba kufooka ndi chovuta kwa munthu wachifundo: kuleka kuzidyetsa. Nsomba imatha kukhala masiku awiri kapena atatu osadya popanda vuto, pamene chikho chilichonse cha madeya chimasanduka poizoni wamawa. Anthu otumiza nsomba kunja amadziwa bwino zimenezi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, kampani ya Stuart Grant, imene inakhazikika pa Kambiri pafupi ndi Senga Bay ku Salima, inatchuka potumiza mbuna ndi nsomba zina zokongola za m'nyanja ya Malawi kwa eni akwariyamu a maiko akutali. Pa malonda otere nsomba zimamanidwa chakudya tsiku limodzi kapena awiri zisanaikidwe m'matumba apulasitiki odzaza okosijeni, kuti zisadetse madzi pa ulendo wa pandege. Mlimi wopita kukagula mbewu ya nsomba kutali ayenera kupempha wogulitsa kuti achite chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi kusintha madzi, koma osati onse nthawi imodzi. Kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu tsiku lililonse, kukokera kuchokera pansi pamene pali zinyalala, kumachepetsa poizoni popanda kudzidzimutsa nsomba. Madzi olowa akhale ofanana kutentha ndi a m'thanki. Pano pali msampha kwa anthu a pa boma la Dowa, la Ntchisi ndi pa Mponela amene amatunga pa mpopi. Madzi a pa mpopi amathiridwa kolorini, mankhwala opha tizilombo, amene ndi osiyana kotheratu ndi kolorayidi wa mu mchere ngakhale mayina akufanana. Kolorini amateteza anthu ku kolera, koma sasankha: amaphanso mabakiteriya abwino aja, ndipo amaotcha zopumira za nsomba. Madzi otere ayambe akhala m'mgolo wosavindikira tsiku limodzi kapena awiri, akuvundulidwa, asanathiridwe m'thanki.

Pali cholakwa china chimene chimachokera ku ukhondo. Mayi kapena bambo wokonda zoyera, poona kuti makoma a thanki ayamba kuterera, amataya madzi onse, nakwecha ndi sopo, nayanika miyala padzuwa. Kuterera kujako ndiwo mudzi wa anamalima. Akaukwecha, thanki limabwerera kukhala latsopano, ndipo masabata aja amayambanso kuwerengedwa. Miyala ndi sefa zizitsukidwa mopepuka m'madzi ochokera m'thanki momwemo. Laimu nayenso asathiridwe pa nthawi imene amoniya wakwera, pakuti laimu amachotsa kuwawasa kwa madzi, ndipo m'madzi otero amoniya amakhala waukali koposa.

Njira yabwino koposa zonse ndi kukhwimitsa thanki nsomba zisanalowe. Eni akwariyamu yamchere amagula miyala yamabowobowo imene yakhala kale m'madzi a zamoyo, naponyamo kachidutswa ka nsomba yakufa kuti kaole ndi kudyetsa mabakiteriya, nadikira kufikira poyeza amoniya ndi nayitiraiti onse atatha. Mlimi wa kuno angachite zomwezo ndi zinthu za pakhomo. Aike pansi pa thanki kapena mu sefa miyala ing'onoing'ono ndi zidutswa za njerwa zootcha, popeza zili ndi timabowo tambiri. Aponyemo usipa ungapo kapena kadzanja ka madeya masiku angapo alionse, ndipo madzi azivundulidwa kuti mukhale mpweya, chifukwa magulu awiri aja sagwira ntchito popanda okosijeni. Miyala yonyowa yotengedwa m'thanki lakale la nsomba zathanzi imafupikitsa masiku odikira, monga momwe mkazi wophika mowa amadalira chimera. Koma asamale kumene akutenga. M'chaka cha 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anapezeka ku Mchinji m'chigwa cha mtsinje wa Bua, mtsinje umene umadutsanso m'malire a Dowa ndi Ntchisi, ndipo matope, maukonde ndi madzi zimatha kunyamula matenda otere. Pambuyo pake nsomba zilowe pang'onopang'ono, zochepa poyamba, zina patapita sabata kapena awiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Nkofunika kunena mosabisa kuti damu lokumba pansi silivutika kawirikawiri monga thanki. Ulimi wa makumba ndi chilunguni m'maiwe unakula m'dziko muno kuyambira pamene malo a kafukufuku a ku Domasi ku Zomba anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo alimi ambiri a maiwe sanaonepo magazi a nsomba akuda. Dothi lili kale ndi mabakiteriya, ndipo ndere zing'onozing'ono zimene zimabiriwitsa madzi zimamwa amoniya asanasanduke kanthu kena. Mlimi woika nsomba ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita imodzi, nadyetsa madeya mwa muyezo, angagone tulo. Ngozi imabwera pamene ndere zafa mwadzidzidzi, monga pambuyo pa masiku angapo a mitambo ndi chisanu, madzi obiriwira nkusanduka akuda. Kapena pamene mwini damu wakhuthuliramo zitosi za nkhuku zambiri nthawi imodzi m'damu longodzaza kumene. Muyezo wakale wa mkono ukadali wothandiza: munthu akamiza mkono kufika m'chigongono naona chikhatho chikungozimirira, manyowa akwana. Chikasowa mkono usanafike m'chigongono, aleke kuthira.

M'mapiri muli ngozi inanso. Maiwe amakumbidwa m'madambo ndi m'munsi mwa zitunda, pamene minda ya chimanga ndi fodya ili kumtunda. M'miyezi ya December ndi January, alimi akangobereketsa chimanga ndi yureya, mvula yamphamvu imakokolola feteleza kupita kumunsi. Yureya ali ndi nayitirojeni magawo 46 pa 100 alionse, ndipo m'madzi amasanduka amoniya. Ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwa damu, pamodzi ndi mzere wa udzu wa vetiva, zimateteza nsomba kuposa mankhwala alionse ogula.

Watsala nayitireti, wofatsa uja. Iye satha yekha m'thanki, koma amaunjikana sabata ndi sabata, ndipo akachuluka kwambiri nsomba zimakula mochedwa. Masamu ake ndi osavuta: kutaya theka la madzi ndi kuthira ena oyera kumachepetsa nayitireti ndi theka. Eni akwariyamu yamchere amasintha gawo la madzi sabata iliyonse kapena awiri alionse, ndipo ena amalima ndere zazikulu m'kabokosi kapadera kuti zimwe nayitireti, nazizula zikakula. M'katikati mwa miyala yawo yamabowo, kumene mpweya sufika, mumakhala gulu lachitatu la mabakiteriya limene limaswa nayitireti kukhala mpweya wa nayitirojeni umene umauluka. Zomwezo zimachitika m'matope a pansi pa damu.

Pa mfundo imeneyi mlimi wa ku Dowa ali ndi mwayi woposa mwini akwariyamu. Madzi amchere otayidwa alibe ntchito, koma madzi a m'thanki la nsomba za kuno ndi feteleza wosungunuka kale. Akalunjikitsidwa ku dimba la mpiru, tomato kapena nthochi, zomera zimasangalala nawo. Kamchere kamene kanathiridwa pa nthawi ya vuto ndi kochepa, komabe si bwino kuthirira bedi limodzi ndi madzi otere nthawi zonse, makamaka la nyemba, zimene sizipirira mchere.

Malo amodzi okha ndiwo madzi amenewa sayenera kupitako: pafupi ndi chitsime chimene anthu amamwa. Nayitireti amalowa pansi mosavuta, ndipo m'mimba mwa khanda amasanduka nayitiraiti, amene amachita m'magazi a mwana chimodzimodzi monga amachitira m'magazi a nsomba. Dokotala wa ku America, Hunter Comly, anafotokoza za matendawa m'chaka cha 1945 ataona makanda a m'boma la Iowa amene milomo yawo inkachita bii chifukwa chomwa mkaka wosungunulidwa ndi madzi a m'zitsime za pa mafamu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika malire akuti madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a nayitireti pa lita, ndi mamiligalamu 3 a nayitiraiti. Kuwiritsa sikuchotsa nayitireti. Madzi akamaphwa m'mphika iye amatsala momwemo. Choncho ngalande yotulutsa madzi a nsomba, khola la ziweto ndi mulu wa manyowa zikhale kumunsi kwa chitsime, ndiponso pa mtunda wosachepera mamita 30.